Dalaivi ya Malemu Mwafulirwa

Loweruka pa 9 Malichi 2024, Edmond anakonza dalaivi, kachipangizo kowerenga ndi kulemba madisiki, ya kompyuta ya malemu apongozi ake, ndipo kuyambira tsikulo makinawo analeka kuwerenga madisiki a mwini wake.

Bambo Mwafulirwa anagula kompyutayo mu 1986, akuphunzira ku South Bend, ku America. Ankalembapo nyimbo za tchalitchi zimene ankapeka m'Chinkhonde, n'kuzisunga pa madisiki opyapyala apulasitiki. Papepala sankalemba. Atamwalira mu Novembala 2023, mkazi wawo, mayi Lucia, anafuna kuti nyimbozo zisindikizidwe, kwaya idzaimbe pa mapemphero owakumbukira pa 13 Epulo. Pulintala inali itafa kale, choncho ntchitoyo anaipereka kwa mkamwini.

Edmond atapita kukatenga kompyutayo, mayi Lucia anaiyatsa iye akuona. Dalaivi inakukuta, koma nyimbo zinaoneka bwinobwino. Edmond anainyamula pagalimoto mpaka kunyumba kwake ku Lawrence, pafupi ndi Indianapolis.

Ntchito ya Edmond ndi yosamalira makina pa chipatala china ku Indianapolis, kumene makina sayandikira wodwala asanayezedwe. Anachitanso chimodzimodzi. Asanakopere kanthu, analowetsa disiki yoyezera. Liwiro linali bwino, koma kamutu kowerengera kankadutsa pambali pa mzere wake. Anamasula timabawuti tiwiri, anasuntha mota pang'ono, n'kumanganso. Muyezo unakwana. Atalowetsa disiki ya apongozi, kompyuta inakana kuiwerenga.

Mkazi wake Tusekele anaima pakhomo la galaja atavala jekete.

"Mwaikonza kapena mwaipha?"

"Ndaikonza. Ndaitesita, ili bwino kuposa kale."

"Nanga nyimbo za adadi zili kuti?"

Edmond anafotokoza akuyang'ana pansi. Dalaiviyo inakhota kalekale, ndipo zaka zonsezo inkalemba mokhota. Zimene inalembazo ikanatha kuziwerenga ndi iyo yokha, ikadali yokhota.

"Ndiye ikhotetseninso."

"Sindinaike chizindikiro pamene mota inali."

"Inu? Munthu womata timapepala ndi pa ketulo pomwe?"



Kuyambira pamenepo, Edmond akaweruka kuntchito ankamasula timabawuti tija, kusuntha mota pang'onong'ono, kuyesa, kusunthanso. Tsiku lina anapeza fumbi lofiirira pa kamutu kaja. Linali khungu la disiki. Madisikiwo anali atakalamba, ndipo kuyesa kulikonse kunkawapala. Ataunika disiki yoyamba pawindo, kuwala kunadutsa pa mzere wozungulira pamene khungulo linali litapalika.

Mayi Lucia anaimbira Edmond foni Lamulungu atachoka ku tchalitchi.

"Bambo a Shalom, akwaya akufunsa. Akufuna ayambe kuphunzira."

"Tikuyesetsa, amayi. Ikungovutavuta."

"Ikavuta, malemu ankaimenya pang'ono kumanzereku. Mwayesa kuimenya?"

"Sindinayese, amayi."

"Muyese. Imamva imeneyo."

Tusekele, amene ankamvetsera, anatuluka m'chipindamo osatenga foni.

Pa 2 Epulo disiki yachiwiri inaonetsa mitu ya nyimbo. Edmond anatsegula yoyamba. Ndime yoyamba inatuluka yonse, yachiwiri inathera pakati pa liwu. Anajambula zimene zinaonekazo ndi foni, n'kuzimitsa kompyuta. Pa kamutu panalinso fumbi.

Madisiki otsala ali m'katoni ya nsapato m'galajamo, Edmond sanawakhudze. Sakudziwa ngati onse analembedwa dalaivi itakhota mofanana. Mayi Lucia sanauzidwebe za disiki yoyamba ija.