Makina a Pansi pa Bedi

Kutatsala masiku atatu kuti mayeso ayambe, nyumba yonse inali itasanduka mapepala. Kanyerere, mtsikana amene analandira dzinali chifukwa chowonda ndi kusakhazikika, anamata timapepala pachitseko, pakabati, ngakhale pamwamba pa ndowa ya madzi akumwa. Kusukulu ankaphunzira za malamulo, ndipo pepala limene linkamusowetsa mtendere linali la milandu yaupandu: kuba, kumenya, kuthyola nyumba.

Agogo ake sanapondeko m'kalasi, koma pepala ankaliopa. Pepala si chinthu chosewera nacho. Lero umangoona timadontho takuda, mawa anthu ovala yunifolomu ali pakhomo, akutchula dzina lako lonse.

"Iwe, chotsa icho pawindo. Odutsa aziti muno muli chiyani?"

"Muli mayeso, Agogo."

"Mayeso amayanikidwa ngati zovala? Ndiponso tsitsa mawu. Ukamakuwa kuti kupha, kupha, oyandikana nafe aziganiza kuti tayambana."

Kanyerere sankatha kuwerenga atakhala pansi. Ankayenda kuchoka pachitseko kukafika pabedi, mapazi asanu ndi limodzi, n'kutembenuka, akulakatula.

"Kuba: kutenga katundu wa wina, mwini wake asanalole, ndi cholinga chomulanda mpaka kalekale. Kuthyola nyumba: kulowa m'nyumba ya wina popanda chilolezo, kaya pachitseko, kaya pongokankha windo..."

Agogo ankasita bulauzi yasukulu. Simbi inaima pamalo amodzi mpaka kafungo kakupsa kanamveka.

"Agogo, kolala yanga!"

"Ndi simbiyi, yakalamba," anatero, maso ali kuchipinda.

Pansi pa bedi lawo, kuseri kwa sutikesi, panali makina osokera, opukusa ndi dzanja, okulungidwa m'bulangete. Sanali awo. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, m'nyumba yoyandikana nawo munkakhala mayi wina wosoka, amene mwamuna wake ankamumenya. Tsiku lina masana mayiyo anabereka mwana n'kuthawa, osatenga ngakhale tepi yoyezera nsalu. Mwamunayo anayamba kugulitsa katundu: mipando, wailesi, mbale. Agogo atamumva akuuza mnzake kuti mawa akutulutsa makina, anadikira kuti achoke, anakwera pandowa, anakankha windo lakuseri, n'kulowa. Anatuluka ndi makinawo.

Wosokayo sanabwerenso. Mwamuna uja anasamuka. Agogo ankadziwa ndithu kuti mng'ono wa wosokayo amagwira ntchito yochapa zovala pachipatala, koma kukanena kuti "makina ali kwathu" kunali kunena kuti "ndinalowera pawindo." Choncho mwezi uliwonse, Kanyerere akapita kusukulu, ankawakoka, kuwapukuta, kuwadontheza mafuta, kupukusa kakhumi, n'kuwakankhiranso kumdima.

Tsiku lotsatira Agogo anasesa pakhomo kawiri, n'kutsuka mbale zotsuka kale. Kenako anakhala pampando moyang'ana kumbali.

"Tandiuza, mwana iwe. Munthu wina, si wa kuno, wa kutali, atatenga chinthu cha mnzake kalekale. Mlandu wotero umatha?"

"Si inu nomwe mumati mlandu suwola?"

"Ndikufunsa za m'mabuku mwakomo, osati za pakamwa panga."

"Milandu ikuluikulu siimangotha chifukwa papita zaka."

"Nanga amene amagona m'nyumba momwe muli chinthucho?"

"Ngati akudziwa kuti n'chakuba, n'kumathandiza kubisa, nayenso angakhale m'madzi." Kanyerere anamwetulira. "Mukufunsa bwino, Agogo. Bwanji mukandilembere mkuja?"

Agogo sanaseke. M'mutu mwawo nkhani inali itamveka kale. Anthu a malamulo sapatsa munthu mpando asanamufufuze. Amafunsa za mayi ake, za agogo ake, mwinanso amasuzumira pansi pa bedi. Mwanayu, amene anamulera kuchokera pamene mayi ake anamwalira, amene wawerenga mpaka maso kufiira, adzakanidwa chifukwa cha chitsulo chimene sanachionepo. Ndipo akadzadziwa, adzasankha bwanji? Kukanena agogo ake, kapena kubisa n'kukhala wopalamula? Ayi. Makinawo achoke m'nyumba mwanayo asanagwire cholembera.

Mmawa wa tsiku lomaliza, Kanyerere ananyamula mabuku kupita kukawerenga ndi anzake. Agogo anamuperekeza ndi machenjezo mpaka pamsewu: aziyang'ana njinga zamoto, asamwe madzi a m'botolo la wina, asauze aliyense zimene waloweza chifukwa nzeru amaba. Atabwerera anayesa kunyamula makinawo okha, msana unakana. Anawabwezera. Anawakokanso. Ali chiimire choncho, mumsewu munamveka mawu aja a masiku onse.

"Zitsulooo! Zitsulo zakutha!"

Anali bambo wogula zitsulo, akukankha wilibala yake yolira ngati mwana wa mbuzi. Agogo anamukodola ndi dzanja, osatulutsa mawu.

Bamboyo atavundukula bulangete, anaimba mluzu. "Amayi, izi ndiye zakutha? Zikuwala kuposa mano anga." Anapukusa chogwirira, makina n'kuyenda myaa, opanda kaphokoso.

"Musachedwe, bambo. Tengani ulere. Koma mukawaphwanye, asadzaonekenso."

"Ulere? Ulere unapana mnzanga wina, mpaka lero akuyenda motsimphina."

"Agogo, makina awa ndi a ndani?"

Kanyerere anali pakhomo. Anabwerera kudzatenga chiphaso cholowera m'chipinda cha mayeso, choti aphunzitsi akadindepo.

"Tuluka! Usayang'ane! Ukaona ndiye kuti wadziwa, ukadziwa ndiye kuti walowa m'madzi. Unanena wekha dzulo!"

"Ndaona kale."

Agogo anakhala pabedi n'kufotokoza zonse, ndowa, windo, bulangete, akuyang'ana zala zawo. Bambo wa zitsulo anachotsa manja pamakina pang'onopang'ono, n'kuwapukutira pabuluku.

Kanyerere sanalire, sanakalipe. Anayamba kuyenda. Pachitseko, pabedi, pachitseko.

"Chabwino. Funso loyamba. Katundu ndi wa wina? Inde. Mwini wake analola? Ayi."

"Mwamva, bambo? Mwana wanga yemwe akundimanga."

"Dikirani, Agogo, sindinamalize. Aphunzitsi amati mlandu umayenda ndi miyendo iwiri: zimene dzanja lachita, ndi zimene mtima unkafuna. Mwendo umodzi ukasowa, mlandu suima. Munawatengeranji?"

"Chidakwa chija chikanawagulitsa."

"Munasokerapo?"

"Ine? Zinthu za eni ake? Ngakhale batani."

"Nanga mafutawa?"

"Mwezi uliwonse. Mwini wake akadzabwera apeze dzimbiri, adzati anasiyira anthu otani?"

"Ndiye munkadikira kuti adzabwere."

"Nanga ndikanadikira ndani?"

Kanyerere anaima. "Ine ndine mwana wasukulu chabe, si ine woweruza. Za windozo sindikukuyamikirani, ndipo kukhala chete zaka zonsezi sikukuthandizani. Koma funsoli litabwera mawa, ndingalembe kuti cholinga cholanda palibe. Munthu wofuna kulanda sadontheza mafuta n'kumadikira mwini wake." Analoza wilibala imene inali pakhomo. "Koma makinawa akangokwera umo kuti akaphwanyidwe, mwendo wachiwiri wamera. Mwini wake sadzawaonanso mpaka kalekale, ndipo mwafuna ndinu. Zaka zisanu ndi zitatu simunali wakuba, Agogo. Mumati muyambe lero, isanakwane naini koloko."

"Ndiye ine ndikanakhala ndani pamenepo?" anafunsa wa zitsulo.

"Wolandira katundu wakuba. Tsamba lachitatu."

"Eee! Ndinanena ine za ulere."

Agogo anayang'ana makina, anayang'ana mdzukulu wawo. Ankafuna kuchotsa tsoka m'nyumba, ndipo anatsala pang'ono kulilowetsa ndi manja awo.

"Nanga aja ofufuza agogo a munthu?"

"Mawa akafufuza chiphaso changa ndi m'matumba mwanga basi. Koma ine ndikakhala pamayeso ndikudziwa zimene zili pansi pa bedi. Mukufuna ndikaganize za funso, kapena za makina?"

Agogo anakulunganso makinawo m'bulangete. Kenako anadzuka, navala nsapato zawo zopitira kutali, zija zowawa chala chachikulu.

"Bambo, wilibala yanuyo imafika kuchipatala?"

"Imafika, koma muziyenda pambali panga. Akatiimitsa, wolankhula ndinu."

Ananyamuka atatu. Pamphambano Kanyerere anakhotera kusukulu, Agogo akumukuwira kuti asakalembe dzina lawo pamayeso, ngakhale mongoyerekeza. Njira yonse ankayang'ana kumbuyo. Galimoto iliyonse yoyenda pang'onopang'ono inali ya apolisi. Kawiri anati abwerere, kawiri wa zitsulo anayankha kuti wilibala yake ilibe giya yobwerera m'mbuyo.

Kuseri kwa chipatala kunali zingwe zodzaza nsalu zoyera, ndi fungo la sopo lolasa m'mphuno. Mng'ono wa wosoka uja anatuluka manja ali thovu, nayang'ana nkhalamba yosaidziwa bwino, bambo wa thukuta, ndi bulangete la muwilibala. Atavundukula, anagwira pakamwa.

"Awa si makina a achemwali anga? Mpaka lero amawalira, amati alamu aja anagulitsa. Panopa amasokera pa obwereka. Mwawapeza kuti, amayi?"

Agogo anayang'ana kuchipata: panali mlonda, ndipo ankayang'ana komweko. Anakonza mpango wawo, napuma.

"Mwanawe, ndipatse pokhala. Ndinalowera pawindo."