Maso Obwereka pa Dziwe la Adona

Maso a amuna ake atayamba kuchita nkhungu, mayi wochapa zovala sanauze munthu. Akanauza ndani? Kanyumba kakuseri kwa galaja komwe ankagona kanali ka wosamalira dziwe losambiramo la adona, ndipo wosamalira dziwe akasiya kuona, chotsala n'kumanga katundu basi.

Bamboyo antchito anzawo ankawatcha a Klorini, chifukwa ngakhale asambe ndi sopo wonunkhira bwanji, fungo la klorini, mankhwala oyeretsera madzi a dziwe, silinkawachoka. Kuvuula masamba ankathabe, kukwecha makoma ankathabe. Chinawakanika ndi mitundu. Madzi a dziwe amayesedwa m'timabotolo tiwiri. M'kena ukadonthezamo mankhwala amachita chikasu, udziwe kuchuluka kwa klorini. M'kenako amafiira, udziwe ngati akufuna asidi. Kwa a Klorini zonsezo zinangosanduka phulusa.

Ndiye anayamba kuphunzitsa mayiyo mobisa, mokalipa, monga amachitira munthu amene manyazi amugwira.

"Afiira bwanji?" ankafunsa bamboyo.

"Ngati tomato wakupsa."

"Tomato wa chiyani? Fanizirani ndi timizere ta mitundu ta pambalipo, mayi. Si kumsika kuno."

Mayiyo anaphunzira kuti madzi akafiiritsa umathira asidi pang'ono, ndipo asidiyo ndiye amalowa m'ndowa ya madzi, osati madzi kulowa mu asidi. Anaphunziranso kuti klorini amathira dzuwa litapendeka, poti masana dzuwa limamudya. Mutu unamva, koma manja ali ndi nzeru zawozawo. Manja a wochapa amadziwa chinthu chimodzi: chovala chikada, onjezera sopo. Tsiku lina mayiyo ataona madzi akubiriwira, amuna ake atagona mutu ukuwapweteka, anakhuthuliramo klorini wambirimbiri osayesa n'komwe. M'mawa mwake mdzukulu wa adona anatuluka m'madzimo akulira, maso ali psuu.

Adona anaitana a Klorini. "Tayesani madziwa ine ndikuona."

Mayiyo anali pa chingwe choyanikira, nsalu yonyowa ili m'manja. Anaona amuna ake akugwada, kutunga madzi, kudontheza mankhwala osaphonya. Kenako bamboyo anakweza kabotoloko kudzuwa n'kukayang'ana nthawi yaitali. Madzi anali atapitirira chikasu, achita kuderako. Ngakhale iye ali patali ankaona.

"Ali bwinobwino, adona," anatero a Klorini. "Mwana angathe kubwereramo."

Mwanayo anali atayamba kale kuvula thaulo.

"Asalowemo," anatero mayiyo. "Klorini wachuluka. Ndinathira ndine. Bambowa mitundu sakuionanso."

Adona sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anayang'ana bamboyo mwachisoni, ngati mmene timayang'anira mpando wothyoka mwendo umene tinkaukonda. Kenako ananena kuti kanyumbako akhalamobe, koma makiyi a chipinda cha mankhwala asunge mayi, ndipo a Klorini asayandikirenso dziwe.

Denga linapulumuka, koma mayiyo sanamve kukoma kulikonse. Madzulo anawapeza amuna ake atakhala pakhomo, atavula ovolosi n'kuipinda bwinobwino pamiyendo. Anawaikira madzi osamba, iwo osasuntha.

"Mwana uja akanavulala, bambo," anatero motsitsa mawu.

"Ndikudziwa. Munachita bwino." Anasisita ovolosi ija, n'kuipereka kumene kunkachokera mawu a mkazi wawo. "Muipinde miyendo, ikutalikirani."