Nsapato ya Padenga

Mayiyo asanalowe n'komwe, wosoka nsapato anali atamudziwa kale. Nkhope sanaione, poti anali chiweramire pa jombo ya mlonda wina. Anamudziwa ndi mayendedwe. Pakhonde panamveka gu, tya, gu, tya, phazi lina lolemera, lina lopepuka. Nyundo inaphonya msomali, n'kupeza chala.

"Odi kuno! Amisiri alipo?"

Anali mayi wojintcha, wamagalasi, imvi zitayamba kusuzumira m'mbali mwa duku. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa nsapato yakumanzere ya soli yokhuthala ngati njerwa, yong'ambika m'mbali.

Njerwa. Ndilo dzina limene ankamuitana nalo kupulayimale, chifukwa mwendo wake wakumanzere unali waufupi ndipo ankavala nsapato yotereyi. Tsiku lina poweruka anyamata akuluakulu a kumbuyo kwa kalasi anamugwetsa, kumuvula nsapatoyo, n'kuiponya padenga la sukulu. Mtsikanayo sanalire. Anaima chopendekeka, n'kuyang'ana mnyamata amene ankakhala naye desiki imodzi, amene ana onse ankamutcha Gologolo chifukwa panalibe mtengo kapena khoma lomukanika. "Gologolo, takwera ukanditengere," anatero. Gologolo anayang'ana anyamata aja, anyamata aja anamuyang'ananso, ndipo anaseka nawo. Mtsikanayo anapita kwawo akutsimphina, sokosi ili mbuu ndi fumbi, ndipo kusukuluko sanabwererenso.

Gologolo uja ndiye anali atakhala pampando apa, ndi dazi lake ndi mimba yake, akuyamwa chala.

"Mwana wanga akukwatiwa Loweruka," anatero mayiyo. "Ndikufuna ndikavine mpaka akuchimuna adziwe kuti alowa m'banja la anthu amoyo. Ingasokeke iyi?"

"Iyi yatopa, mayi," anayankha ndi mawu apansipansi, maso ali pa nsapato. "Ndikusokerani yatsopano. Tapondani pakatoni apa."

Anagwada n'kuzunguliza pensulo m'mbali mwa mapazi onse awiri. Kenako anasanjikiza timatabwa pansi pa phazi lalifupilo mpaka mapewa a mayiyo atalingana. Ankaopa chinthu chimodzi: mayiyu akangomuzindikira, atenga chikwama chake n'kupita kwa mmisiri wina, mwayi umene anaudikira moyo wake wonse n'kupitira pomwepo.

Mayiyo atangotuluka, munthu wamkulu anazungulira shopu ngati nkhuku yofuna poikira. Jombo ya mlonda anaikankhira pansi pa tebulo. Anatsitsa chikopa chofewa chimene ankachisunga pamwamba pa shelefu, chija ankakaniza ngakhale mlamu wake. Anafika kunyumba akuimba mluzu.

"Mwatola chiyani kunjaku, bambo a ana?" anafunsa mkazi wake.

"Njerwa! Wabwera yekha m'shopu mwanga!"

Mkaziyo nkhani ya padenga ankaidziwa ngati dzina lake, poti inkabwera nthawi iliyonse mwamuna wake akaona mwana akulira pamsewu. "Ndiye mwapepesa?"

"Nsapato ipepesa. Mudzaione. Ndibisa mphira yense m'kati, ndikweza chikopa mpaka m'kakolo. Palibe adzadziwe kuti mwendo wina ndi waufupi. Ngakhale phokoso lija ndilithetsa!"

"Nsapato ilibe pakamwa," anatero mkaziyo. "Komanso kuthamanga sikufika."

Koma munthu akasangalala makutu amatseka. Anadula, anamata, anasoka, anasula n'kusokanso. Wometa tsitsi wa shopu yoyandikana naye ankasuzumira pakhomo n'kumafunsa ngati nsapatoyo inali ya mkazi wachiwiri. Kunena zoona, ntchito inatuluka. Nsapato ziwirizo zikakhala patebulo, sukanaloza yokwezedwa.

Lachinayi mayi uja anabwera. Wosoka nsapato anavundukula nsalu mano onse ali pamtunda. Mayiyo anavala, n'kuyenda kukafika pakhomo n'kubwerera. Zii, osamveka ngakhale pang'ono. Anaima n'kuyang'ana mapazi ake nthawi yaitali.

"Soli yanga ili kuti?"

"Ili m'kati, mayi. Yabisika. Palibe adzaone."

"Anakuuzani ndani kuti ndikufuna kubisa?" Anavula magalasi. "Gologolo, mwendo wangawu ukukuchititsabe manyazi mpaka lero?"

Wosokayo anafuna mpando, koma unali kutali.

"Munandidziwa?"

"Ndinadutsa amisiri angati kuti ndifike pano? Ndinamva kuti umasoka nsapato, ndiye ndinati ndikamuone munthu amene anaopa nsapato imodzi n'kudzakalamba atazunguliridwa ndi nsapato." Anakhala pabenchi n'kuyamba kumasula zingwe. "Ana anga akamva gu, tya pakhonde amadziwa kuti amayi afika. Malemu bambo awo ankati atangomva mayendedwe angawa anandikonda asanandione. Ndiye iwe ukufuna ndikalowe muholo mwakachetechete ngati wakuba?"

Manyazi anamugwira mpaka m'mafupa. Anaona kuti zimene anachita ndi chikopa chake chodula n'zomwe zija anachita pabwalo la sukulu, kufuna kuti mwendowo usaoneke ali nawo pafupi.

"Ndinalakwa," anatero. "Tsiku lija ndikanakwera. Denga lija ndinkalikwera tsiku ndi tsiku kukatenga mpira. Ndinaopa kuti andiseka nanenso. Pepani."

Mayiyo sananene kuti zatha, sananenenso kuti sizinathe. Anavala nsapato zimene anabwera nazo n'kuimirira. "Ndibwera mawa masana. Ndikufuna soli yoonekera kutali. Yofiira."

Apa ndiye shopu inasanduka ya anthu onse. Mkazi wake anabwera kudzagwira chikopa pamene iye ankasoka. Wometa tsitsi anasiya kasitomala mutu uli theka n'kuthamangira kwa wogulitsa penti. Telala wa tsidya la msewu anabwereketsa ulusi wofiira, n'kukhala pomwepo kumalangiza zinthu zimene sankazidziwa. Wosoka nsapato anasanja mphira poyera, chidutswa pamwamba pa chinzake, n'kukhomera kachitsulo kuchidendene kuti gu uja amveke bwino. Nkhani inali itafala, ndipo pofika masana a Lachisanu pakhonde panali anthu ochuluka kuposa amene anagulapo kanthu mwezi wonse.

Mayiyo anafika, anavala, anatuluka pakhonde la simenti. Gu! Tya! Gu! Tya! Anatembenuka, kugwedeza chiuno kamodzi, amayi ogulitsa zipatso n'kuyamba kukuwa ndi kuwomba m'manja. Wosoka nsapato anamva ngati amutula katundu.

Koma mlandu suwola. Mayiyo anatsika pakhonde, anawerama, anavula nsapato yofiirayo, n'kuiponya ndi mphamvu zake zonse. Inauluka n'kukagwera padenga la shopu, malata n'kulira phwaa! Anthu anangoti kakasi. Iye anaima pafumbi chopendekeka, phazi lili ndi sokosi yokha, n'kumuyang'ana.

"Gologolo, takwera ukanditengere."

Wometa tsitsi anathamangira makwerero, koma wosoka nsapato sanadikire. Anaponda pabenchi, anagwira zitsulo za pawindo, anakoka mimba yake mpaka pamtanda wa khonde. Buluku linang'ambika kumbuyo msewu wonse ukuona. Anthu anafa nacho chiseko, ana akulumpha, mkazi wake atagwira kumutu akukuwa kuti, "Mundisiyira ana inu!" Anamva kuseka konseko kukumuthira pamsana, kuseka komwe kuja anakuopa ali mwana, ndipo anapeza kuti sikupha munthu. Anakwawa pamalata otentha mpaka anaigwira.

Anatsika mawondo atasupuka, thukuta lili kamukamu, nsapato ataipanira kukhwapa. Anagwada pafumbi, n'kupukuta sokosi ya mayiyo ndi dzanja lake, n'kumuveka nsapatoyo. Mayiyo anatsamira paphewa lake kuti asagwe. Atakweza maso anaona kuti misozi imene sinatuluke pabwalo la sukulu ija inali ikutsika tsopano, pansi pa magalasi, mwini wake akuseka.

"Wachedwa," anatero mayiyo.

"Ndachedwa."

"Manga zingwezo bwinobwino. Mawa udzakhale kutsogolo, udzamve mmene imalirira."