Mwala wa Felistus uli kuseri kwa nyumba

Cephas, mwana wa mlongo wanga, ndi mlenje wopanda mfuti. Dzina lachipongwelo ndinamupatsa ndine, komboni yathu yonse ya George n'kulitola.

Zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa, amuna n'kumapeza loko pageti la kuntchito, Cephas anayamba kuyendetsa galimoto ya alenje olemera kuthengo la ku Mumbwa. Nayenso ankaomberako insa ndi mfuti imene bambo ake anamusiyira. Kumeneko n'kumene anaona jipiesi, kachipangizo kofanana ndi sopo wochapira. Ukadina pamene waima kamasunga malowo, ndiye ngakhale usokere bwanji, kamuvi ka pagalasi kamakubwezera.

Mkazi wake Felistus atamwalira tinakamuika kumanda aakulu a mumzinda. Nthawi imeneyo maliro ankadikirana pageti ngati maminibasi. Ukazika kachitsulo kolembapo dzina, ogulitsa zitsulo zakale azula. Ukazika mtanda wamtengo, wapita kukaphika nyemba za wina. Cephas analibe mphamvu yomanga chiliza msanga, ndipo mantha ake anali amodzi: kutaya manda a mkazi wake.

Nkhata za maluwa zisanaume anandipeza pakhomo.

"Ba Anti, niperekezeni mutauni."

Tinapita kwa ba Hatibu, Myao wogulitsa mawailesi, matochi ndi mipeni. Anatulutsa tiwiri, kachikasu ndi kakuda.

"Ni kosakira nyama?" anafunsa ba Hatibu.

"Ee, kosakira," anatero Cephas, maso ali pansi.

"Kachikasu sikaopa mvula, koma kamadya mabatire monga mlendo wa pamaliro. Kakuda kamasunga malo yambiri."

"Ine nifuna malo amodzi chabe. Kamene sikaiwala ngakhale mabatire yasila."

"Vonse viwiri siviiwala."

Ine ndinalowererapo. "Ba Hatibu, kangapeze mwamuna wanga? Anapita ku Kabwe kukagula fodya ine ndikadali ndi mano onse."

"Ba mayi, kamapeza malo, osati munthu wothawa."

"Wakuuzani ndani kuti anathawa? Fodya wa ku Kabwe ngwovuta kusankha."

Ba Hatibu anaseka mpaka kugwira kachipewa kawo. Kenako anauza Cephas kuti, "Kazakufikitsani pamene muzaona msasa wanu na maso."

Sananame bambo aja. Kungoti ife tinamva "kazakufikitsani," zinazo zinapita ndi phokoso la msika. Cephas anasankha kachikasu chifukwa cha mvula, n'kusiya mfuti ya bambo ake pathebulo m'malo mwa ndalama. Tsiku lomwelo anakaima pamutu pa mtumbira wa Felistus, anakweza kachipangizo kumwamba kuti kalankhule ndi zinthu zake za m'mitambo, n'kudina.

Chaka chitatha mwala unasemedwa, dzina lolembedwa bwino, lopakidwa zoyera. Amayi ake a Felistus, ba Nsama, anabwera kuchokera ku Mufulira. Iwo ndi Mbemba, ine wa kum'mawa, ndiye ndife a chimbuya: timanyozana ngakhale pamaliro, popanda wokwiya. Atangotsika basi ndinati, "Anyani a ku Mufulira atha kodi, mwawonda chonchi?" Iwo anati, "Iwe, pukuta pakamwa, mchira wa mbewa waonekera." Tinakumbatirana.

Kumanda ndinasokonezeka ndisanatsike n'komwe pagalimoto. Paja tinaika Felistus kumapeto, pafupi ndi udzu. Tsopano udzuwo kunalibe. Mitumbira yokhayokha mpaka kumene maso alekezera, yonse yofiira, yonse yotitimira ndi mvula.

Cephas anatsogola, kachipangizo kali m'manja ngati kandulo ya ubatizo. Anyamata onyamula mwala ndi simenti ankatsatira. Kanalira kuti tswii.

"Ni apa," anatero Cephas.

Asanatule mwala, kamuvi kanatembenuka. Tinadumpha mizere ingapo. Kanaliranso. Titaima, kanaloza kumene tachokera.

"Kamwa kachasu aka," ndinatero. Palibe anaseka.

Kuthengo, kakakusiya patali ngati kutalika kwa bwalo la mpira, umakweza mutu n'kuona utsi wa msasa wako. Koma kumanda kuja, malo aakulu ngati bwalo la mpira mwagona anthu odzaza tchalitchi, ndipo palibe amene amakoleza moto.

Dzuwa linatiwotcha tikuzungulira. Ndinayesanso. "Ba Nsama, inu odziwa kutsata anyani m'mitengo, kwerani mtengo uwo mutiyang'anire."

Sanandibwezere za mbewa. Anangondiyang'ana.

Cephas anagwada pa mtumbira wina. "Ba mayo, tiike apa. Sipatali."

"Sipatali na ndani?" anatero ba Nsama. "Niike dzina la mwana wanga pamutu pa mwamuna wa eni? Nizimulirira munthu amene sininamuyamwitse?"

"Kanasunga, ba mayo. Ninadina ine mwine."

"Ba tata, nionetseni mwana wanga."

Cephas anayang'ana kagalasi. Kamuvi kankangonjenjemera.

Mwala tinabwerera nawo ku George. Ba Nsama anakwera basi m'mawa mwake osadya kanthu, ndipo sanabwerenso. Mwalawo tinautsamiritsa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mgolo wa madzi. Nkhuku zimakwerapo, ine n'kumazithamangitsa, n'kumapukuta dzina.

Alenje aja anapeza dalaivala wina. Cephas tsopano amagwira maganyu osenza matumba kumsika, koma mabatire sasowa. Lamlungu lililonse amatenga khasu ndi kachikasu kake. Pamene kalira, amalambula pamenepo. Sabata ino mtumbira uwu, sabata yamawa wina.

Tsiku lina ndinamuuza kuti, "Mlenje, anthu a eni ayera nawe kumanda kuja. Akulembe ntchito a khansolo."

"Tsiku limodzi nizalimira pa iye, ba Anti," anatero.

"Udzadziwa bwanji?"

Anatsegula kumbuyo kwa kachipangizo, anachotsa mabatire, anawanyambita kuti amve ngati ali ndi moto, n'kuwabwezera.