Mowa wa Achimwene

Mabel anakweza tambula cha kuwindo kuti aone mtundu wa mowawo. Unali wachikasu, wa mbuu pang'ono, thovu lake loyera ngati thonje. Achimwene ake, a Moffat, ankangozungulira m'khitchinimo, kutsegula firiji, kuitsekanso.

A Moffat anasiya ntchito ya m'nyumba yosungiramo katundu ku Corby, ku UK, n'kuyamba kufulula mowa m'galaja kwawo ku Wigston. Unali wa mtundu umene alimi a ku Ulaya ankafululira aganyu awo, koma iwo anathiramo hopsi wambiri, timaluwa timene timanunkhiritsa mowa ndi kuuwawitsa. Mabel ankajambula mavidiyo olawa mowa, ndipo Amalawi a ku Leicester mpaka ku Derby ankakhulupirira lilime lake. Mwini bala ina ku Normanton anali atanena kuti aoda mowawo akaona vidiyo ya Mabel akuulawa.

Ananunkhiza. Fungo linali la magwafa akupsa ndi udzu womweta kumene. Anamwa pang'ono. Poyamba panabwera kukoma kwa mandimu ndi katsabola patali, kenako kuwawa kunagwira kukhosi ngati kwinini, osachoka.

"Lankhula, iwe," anatero a Moffat.

Mabel anamwanso, poganiza kuti mwina lilime lamunamiza. Anakumbukira kuti achimwene omwewa ndi amene anamusunga miyezi isanu ndi itatu atangofika ku UK.

"Fungoli palibe angalipose, achimwene. Koma hopsi wachuluka. Munthu samaliza botolo."

A Moffat anati mabotolo mazana atatu amatidwa kale malebulo, ndipo akazi awo akudikira kuona ngati kusiya ntchito kunali nzeru. Anamupempha kuti angonena za fungolo, zinazo azisiye. Mabel anaimika foni patebulo, n'kuigonekanso. Ananena kuti akatama mowawu, anthu agula kamodzi, kenako sadzakhulupiriranso dzina la Moffat ngakhale lake.

A Moffat anamulanda tambula ija n'kumwa.

"Hopsi womaliza ndinathira kawiri," anatero. "Ndinaiwala kuti ndathira kale. Ndimati mwina sumva."

Vidiyo sinajambulidwe tsiku limenelo. A Moffat anaimbira mwini bala uja kuti adikire milungu isanu. Lachiwiri m'mawa Mabel anasinthitsa shifiti yake kuntchito, n'kukwera basi ya ku Wigston, sikelo ya kukhitchini yokayezera hopsi ili m'chikwama.