Mwana wa Tarver Sanatchulidwe

Nthiti za nkhumba zinali zitayamba kupserera, koma Bambo Cleophus Tarver sanazicheukire n'komwe. Maso awo anali pa kanema wamkulu amene anamupachika pakhonde, pomwe mayina a anyamata ankayenda m'munsi ngati mzere wa linthumbu. Linali Loweruka, tsiku lomaliza loti matimu akuluakulu a mpira wa ku America, uja wonyamula m'manja, asankhe osewera kuchokera m'makoleji, ndipo dzina la mwana wawo Tavion linali lisanamveke.

"Bambo a Tavion, nyama ikupsa," anatero mkazi wawo Odessa, akudutsa ndi beseni la milamba yokazinga.

"Ipse! Akangomutchula mwana wanga ndigula nkhumba ina, yobwera ikuyenda yokha."

Anali ataitana theka la tauni ya Greenwood. Tenti anabwereka kutchalitchi, mipando kwa oika maliro, ndipo mabulekidauni awo onse, magalimoto aja okoka anzawo akafa, anawaimika pamsewu atatsukidwa mpaka kung'anima, kuti wodutsa aliyense adziwe kuti pano ndi pa ndani. Munthuyu anayamba ndi unyolo umodzi ndi galimoto yobwereka. Anakoka magalimoto ofa kuyambira ku Texas mpaka ku Carolina ndi kumpoto komwe, ndipo mzinda uliwonse umene anagonamo, bwalo lake la mpira analowamo, ngakhale kukhale pamwamba penipeni pomwe osewera amaoneka ngati nthata. Mpira ankaudziwa, izi ngakhale adani awo sankatsutsa. Chaka chilichonse chisankho chikangotha, ankakhala pampando kwa mlamu wawo Roscoe, wometa tsitsi, n'kumagawa malikisi kwa matimu onse ngati mphunzitsi: iyi yatola golide, iyi yatola dzungu lowola, iyi ibwereze kalasi. Timu imodzi yokha ndiyo sankaiweruza. Imeneyo ankangoti "timu yathu," ndipo mtundu wa jezi yake ndiwo anapaka mabulekidauni, chitseko ndi khola la galu.

"Alamu, khalani pansi," anatero Roscoe, atagwira kapu ya tiyi wozizira. "Kapinga watha ndi kupondaponda kwanu. Kanemayo safulumira chifukwa inu mukuyenda."

"Inu metani mitu. Za mpira mundisiyire ine."

"Dzulo tinakusiyirani. Ndani uja anadumpha mpaka kugwetsa mbale, akukuwa kuti taba munthu dzuwa likuswa mtengo?"

Anthu anaseka. Zinali zoona. Dzulo lake timu yawo inasankha mnyamata wotchedwa Brabham, ndipo Bambo Tarver anakuwa mpaka agalu a mumsewu wonse anayankha. Anali atamuonapo Brabham akusewera: chimunthu chothamanga ngati gwape, chogunda ngati lole. Anazindikira mochedwa, ali chiimire manja ali m'mwamba, kuti Brabham amasewera malo omwewo a Tavion, pakati pa otchinga, paja ntchito yake n'kugwetsa aliyense wonyamula mpira.

"Nanga malowo ndi a munthu mmodzi?" anatero Bambo Tarver tsopano. "Brabham kumanja, Tavion kumanzere. Haskew anandiuza yekha."

Delbert Haskew anali wofufuza osewera wa timuyo. Anapita kangapo kukamuona Tavion ku koleji, anamuyeza mikono, anamuthamangitsa, ndipo tsiku lina anadya pakhonde lomweli n'kunena kuti, "Mwana wanu tikumuona." Mawu amenewo Bambo Tarver anayenda nawo m'tauni monse, ndipo pofika kwa Roscoe anali atakula n'kukhala akuti, "Mwana wanu tamutenga."

Kanema analiza kanyimbo kake, kusonyeza kuti yakwananso nthawi yoti timu yawo isankhe. "Ndi ife! Ndi ife!" anakuwa mayi wina wa mukwaya. Tenti yonse inaimirira, mafoni ali m'mwamba kuti ajambule. Bambo wa suti pa kanemapo anawerenga dzina.

Lutes. Wa ku koleji ina ya kumadzulo. Malo ake, pakati pa otchinga.

Mafoni anatsika imodziimodzi. Wina anatsokomola. Abusa anayamba kuchotsa minga mu mlamba wawo mosamala kwambiri.

"Kumanja Brabham, kumanzere Lutes," anatero Roscoe chapansipansi. "Ndiye Tavion akhala padenga?"

"Achimwene!" anakalipa Odessa. "Pakamwa panupo muikepo nyama."

Bambo Tarver anabwerera pa nthiti zawo. Chowawa chinali chakuti Lutes ankamudziwanso. Mnyamata wochenjera, wonunkhiza kumene mpira ukupita usananyamuke. Kukanakhala kuti ndi chaka china, akanavina.

Anatembenuza nthiti, n'kuzitembenuzanso zisanapse mbali inayo. Anapita kumsewu kukapukuta galasi la bulekidauni limene linali loyera kale. Anabwerera, anakweza mawu a kanema, anawatsitsa. Kenaka analowa m'nyumba.

Tavion anali kukhitchini, atadzipinda pa kampando kamene sikanamukwane. Kuyambira m'mawa anakana kutuluka. Foni yake inali pathebulo, iye akuiyang'ana ngati mphika umene ukukana kuwira.

"Ili ndi moto foniyo?"

"Ili nawo, adadi."

"Netiweki?"

"Mwandifunsa kale."

"Tatsala ndi mwayi umodzi m'ndime yomaliza. Amasunga zabwino kumapeto. Ine ndikuwadziwa anthu amenewa."

"Ndinakuuzani kuti tisaitane anthu," anatero Tavion, osakweza mutu.

"Sunga khosi, mwana wanga, mkanda uoneka."

Bambo Tarver anatulukanso. Dzuwa linapendeka, mthunzi wa tenti n'kufika pamsewu. Mwayi womaliza uja utafika, timu yawo inasankha womenya mpira ndi phazi, kamnyamata kowonda koti Tavion akanakanyamula ndi dzanja limodzi. Mayina ena anadutsa, ena achilendo ngakhale kwa Bambo Tarver. Kenaka anthu a pa kanema anayamba kutsanzika, akusekerera ngati palibe chimene chachitika.

Amayi anayamba kukulunga zakudya mwakachetechete. Abusa anadzawagwira paphewa.

"Nthawi ya Mulungu, m'bale wanga..."

"Sizinathe, abusa," anatero Bambo Tarver mokweza, kuti onse amve. "Amene sadziwa mpira ndiye akupita. Tsopano ndi pamene mafoni amalira."

Apa sananame. Chisankho chikatha, matimu amakanganirana anyamata otsala, kuwaitanira ku kampu kuti akayesedwe. Amaimba mothamanga, ndipo wozengereza malo ake amapita kwa wina asanatsitse n'komwe foni.

M'khitchini foni inaliradi. Bambo Tarver anagunda mpando pothamanga. Anapeza Tavion ataimirira, akumvetsera, chala chili m'khutu linalo. Odessa ndi Roscoe analowa pambuyo pawo, ndipo alendo anaunjikana pakhomo ndi pazenera.

"Anali ejenti wanga, mayi uja wondifunira timu," anatero Tavion atatsitsa foni. "Matimu awiri akundifuna ku kampu. Akuti ndiyankhe pompano."

"Ati?"

"Ina ndi ya kumpoto kuja, kumene kumagwa chipale chofewa." Anawayang'ana bambo ake, ndipo kwa nthawi yoyamba tsikulo anamwetulira. "Inayo ndi yathu."

Pakhomo panaphulika nthungululu. "Kwathu! Kwathu!" Wina anayamba kuimba ng'oma pa chivundikiro cha bini. Mayi wa mukwaya uja anakweza manja kumwamba. Bambo Tarver anawongola mapewa. Anadziona kale Lolemba akulowa kwa Roscoe, chipewa chili chapambali, akuti, "Ndinanena kapena sindinanene?"

"Ambuye ngabwino," anatero Odessa, akupukuta maso ndi epuloni. "Ndi pafupi pomwepa. Akadwala ndikwera basi. Kumpoto kuja alibe ngakhale msuweni, ndipo mwanayu chimfine sichimuchedwa."

"Ndivomera kwathu, adadi," anatero Tavion. "Jezi ija mwakhala mukuilota kuyambira ndili m'matewera. Muzidzatuluka m'tchalitchi n'kubwera kudzandiona."

Anayamba kufufuza nambala. Kenaka anaima.

"Koma mundiuze kaye. Osati ngati bambo anga. Ngati muli pampando paja kwa amalume, mukugawa malikisi. Ndikatsala pa timu iti kampu ikatha?"

"Iwe imba foni, nthawi ikutha," anatero Roscoe. "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno."

"Ndafunsa adadi."

Bambo Tarver anatsegula pakamwa, ndipo mawu oti "kwathu" anali kale pa lilime. Koma mutu wawo, mutu uja unkaloweza matimu onse ngati nyimbo za m'buku, unali utayankha kale, ndipo sunafunse chilolezo. Anayang'ana pazenera. Nkhope za anthu amene anawadyetsa zinali kudikira. Anayenda kukafika pa firiji, anabwerera. Anachotsa chipewa, anachivalanso.

"Tsekani chitseko," anatero.

"Atseke chifukwa chiyani?" anafunsa Odessa.

"Chabwino, chisiyeni. Amve onse." Anapumira m'mwamba. "Kwathu atenga awiri pa malo ako. Timu sitaya mwana amene yamusankha pa kanema dziko lonse likuona. Kumutaya ndiye kuti bwana wavomera kuti analakwa, ndipo bwana wotero sanabadwe. Brabham atsala. Lutes atsala. Akale aja, atatu onse ali ndi mphamvu. Iwe akukufuna kuti anyamata awo apeze womugunda pa maphunziro. Ukagundidwa chilimwe chonse, kenaka akakugwira chanza, akakuuza kuti uli ndi mtima wabwino."

"Bambo a Tavion!"

"Mayi, wafunsa yekha."

Tavion sanaphethire. "Brabham amandiposa?"

Funso limenelo linawapweteka kuposa onse. Anamuphunzitsa okha mwanayu kugwetsa munthu, pa kapinga yemweyu, ndi matayala akale a bulekidauni.

"Amakuposa," anatero. "Liwiro lake iwe ulibe. Lutes mukhoza kulimbana, tsiku labwino ukhoza kumudya. Koma iye ali ndi dzina pa kanema, iwe ulibe."

Pazenera wina anati, "Ii, koma abale." Ng'oma ya pa bini inali italeka.

"Nanga kumpoto?"

"Kumpoto sanasankhe ngakhale mmodzi pa malo ako. Anathera mwayi wawo wonse pa olandira mpira, ndipo Lolemba ndikawapatsa malikisi oti akalire nawo. Mkulu wawo wapakati bondo linamuthera chaka chatha, amathamanga ngati wanyamula ndowa. Wachiwiri anasamukira kwina. Pali dzenje pamenepo, lalikulu ngati geti ya galaja yanga. Ndipo kochi wawo amakonda amisala othamangira mpira ukangomenyedwa, osaopa kuthyoka khosi. Umenewo ndiye mtundu wako." Anamuyang'ana mwana wawo m'maso. "Sindikuti ukatsala. Ndikuti kumeneko chitseko chili chotsegula. Kwathu n'chojambula pakhoma."

"Timu imeneyo si ija munati simungaionere ngakhale atakulipirani?" anafunsa Roscoe.

"Ndi yomweyo. Jezi yake ngati matope. Mzinda wake ndinagonamo, ndinadzuka ndevu zitauma ndi chisanu."

"Ndiye mukumutumiza mwana wanga kumeneko," anatero Odessa, "kuti inu mukhale wolondola?"

"Mayi, kuti ndikhale wolondola ndikanati kwathu. Tauni yonse ndaiuza kuti kwathu."

Odessa anatembenukira kusinki n'kutsegula mpopi, ngakhale munalibe chotsuka.

"Pakadafunda padajiwitsa galu," anatero Bambo Tarver kwa mwana wawo, motsitsa. "Imba."

Tavion anatuluka ndi foni kukhomo la kuseri. Anamumva akuuza ejenti uja kuti, "Eya, mayi. Kumpoto. Auzeni ndikubwera." Alendo anachoka pazenera, ena akugwedeza mitu. Panamveka mawu a mwamuna wina akuti, "Munthu n'kunyoza mwana wake pagulu chonchi?" Bambo Tarver anamva, ndipo sanatuluke kukayankha, chinthu chimene m'Greenwood chinali chisanaonekepo.

Foni yawo inanjenjemera m'thumba. Anaitulutsa. Linali dzina la Haskew.

Zaka zonsezi ankalota timu yawo ikuwaimbira. Anaisiya ilire pang'ono, kenaka anayankha.

"Bambo Tarver! Ndine Delbert. Pepani za lero, zinthu zimayenda mwina m'chipinda muja. Koma mwana wanu tikumufunabe. Ejenti wake akuti akuyang'ana kumpoto. Mulankhuleni. Inu ndi ife ndife amodzi, jezi ili pano ikumudikira."

"Ndamulankhula kale, a Haskew."

"Ndiye abwera?"

"Brabham uja mwatola golide," anatero Bambo Tarver. "Lutes nayenso. Chaka chino mwasankha bwino kuposa matimu onse, ndipo ndikanena zimenezi kwa aliyense wofuna kumva."

"Zikomo kwambiri! Ndiye Tavion..."

"N'chifukwa chake sabwera."

Anadula foni. Roscoe, amene anali atatsamira firiji, anangotola mbale yopanda kanthu n'kutuluka nayo.

Tavion analowa, maso ali ofiira. Anaima pafupi ndi bambo ake, wamtali kuwaposa ndi mutu wonse.

"Akuti ndinyamuke sabata yamawa ino."

"Ndege usakwere," anatero Bambo Tarver. "Ndikuperekeza ndekha. Msewu umenewo ndimaudziwa."

Odessa anatseka mpopi. Osatembenuka, anafunsa kuti kodi m'Greenwood muno sitolo yogulitsa majasi a chisanu okwana munthu wotere ilipo.