Nsapato za Atcheya Ajira

Ajira anawerama pa beseni la madzi n'kukwinya nkhope. Nkhope ya m'madzimo inamukwinyiranso. Anayang'anizana choncho kanthawi, kenaka milomo inayamba kunjenjemera, ndipo onse awiri anaphulika nako kuseka.

"Mwayambanso!" anatero mlamu wake, Maud. "Alamu, tcheya saseka. Tcheya akamadutsa, nkhuku zimene zimasiya kupalasa."

Panali patatha sabata ziwiri chimusankhireni Ajira kukhala wapampando wa amayi a chipani m'mudzi mwawo, ku Lungwena. Anamusankhira pakhosi pake, poti akayambitsa nyimbo poyanika usipa, ndi waulesi yemwe ankadzuka. Koma anthu, inu! Pakamwa pomwe panamusankhapo ndi pomwe panayamba manong'onong'o. "Ajira wa mano panjayu? Adzautha udindowu?" Paja tcheya wakale anali mayi wa nkhope ngati chitseko chokhoma.

Ndiye Maud anamubwereka nsapato zake zakuda zopitira ku tchalitchi. Zinali zazing'ono, moti zala zinkachita kuberekana m'katimo. Ajira anazivala, nameza nthabwala zake zonse, n'kumayenda ngati wasenza mtsuko wodzaza. Zinathekadi. Akafika pachitsime, macheza ankazima ngati moto wothiridwa madzi. Anzake amene ankamuti "iwe Ajira" tsopano ankati "Atcheya", maso ali pansi. Ulemuwo unkamuluma kuposa nsapato.

Lachitatu masana, amayi akuyeserera magule pansi pa mtengo wa mango, anatulukira a Dyson, mlembi wa chipani wa dera lonselo. Anali pa njinga, buku m'thumba la malaya, paketi ya shuga ya kunyumba kwawo itamangidwa pakaliyala. Anawerenga mitu kawiri.

"Lole ya ku boma ikufuna amayi makumi anayi okavina pamsonkhano. Pano mukuperewera mmodzi. Atcheya, wajombayo ndani?"

Panalibe amene sankadziwa. Anali Mwanamvua, mnzake wa Ajira wa kuubwana, amene anavinidwa naye tsiku limodzi. Mwamuna wake, che Uladi, anali atamwalira mwezi wathawo, ndipo iye anali pa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye wachisilamu amakhala pakhomo, osadzikongoletsa, osavina, osaonekera kwa amuna achilendo. Koma buku la a Dyson silinkadziwa za eda. Dzina likalowamo, mawa lake ayufi, anyamata a chipani, ali pakhomo. Akanamukweza m'lole ndi misozi yake yomwe, apo ayi akanamutsekera msika ndi chigayo.

"Tcheya wakale sankandidikiritsa," anatero a Dyson, akunyambita pensulo.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, alamu," Maud ananong'ona. "Tchulani."

Ajira anayang'ana amayi aja. Ankayembekeza kuti wina amupempha ndi maso, koma ayi ndithu. Onse ankangoyang'ana nsapato zake zakuda, ngati anthu oti mlandu anaumva kale chigamulo chake. Sabata ziwiri zokha, ndipo anthu amene anakula naye akhulupirira kuti angagulitse Mwanamvua?

"Dzina lake ndi lalitali, a mlembi, lingakuthereni pensulo," anatero. "Tiyeni ndikakuonetseni khomo lake."

Mayi wina wachikulire, che Asiatu, anagwira pakamwa. "Nsapato zija zamufika pamtima," anatero chapansipansi.

Unali mdipiti wachete. Ajira patsogolo akutsimphina, a Dyson akukankha njinga, amayi m'mbuyo ngati operekeza maliro achiwiri. Atafika, anapeza pakhomo patatchingidwa ndi nsalu. Ajira anavula nsapato zija, zala n'kupuma, nagwada pakhonde.

"Odi, Mwanamvua! Usatuluke, mnzanga, pali mwamuna pano. Chipani chamva za maliro a che Uladi. Ndiye taona, a mlembi apalasa njinga dzuwa lonseli, thukuta kamukamu, kudzakupepesa. Ena akanangotumiza kalata, koma iwo akuti ayi, ndikafike ndekha!"

Woyamba kuitola nkhaniyo anali che Asiatu. Anakhala pansi n'kuyamba kuwomba m'manja mwakachetechete. "Zikomo a mlembi. Anthu a mtima wotere anatha." Amayi ena aja anatsatira, mmodzimmodzi, mpaka bwalo lonse linadzaza ndi kuwomba ndi kuthokoza.

Munthu angakane bwanji ubwino wake pamaso pa gulu lonselo? A Dyson anavula chipewa, nakhala pa mtondo wogwetsa.

"Pepani, mayi," anatero, akulankhula ndi nsalu ija. "Ndi njira ya tonse."

"Aa, a mlembi," anatero Ajira, atayang'ana pakaliyala, "ndi shuga yemwe? Mwadzivutitsiranji chonchi?"

A Dyson anamasula shuga uja pang'onopang'ono, ngati munthu wodzizula yekha dzino.

Potsanzika anamuitanira Ajira pambali. Nkhope yawo sinali yamasewera. "Mayi inu, mukusewera ndi moto. Ku boma akawerenga mitu, ine ndikati chiyani?"

Mawu a Ajira anatuluka bwinobwino. "Mukanene zoona. Mukati ali pa eda, ndipo mwamupepesa nokha. Akaumirira dzina, mulembe langa. Ndi lalifupi, silitha pensulo." Kenaka chibadwa chinamupambana. "Komanso akayang'anitsitse m'chiunomu. Ine ndimavina za anthu awiri."

Mbali imodzi ya mlomo wa a Dyson inawapandukira, n'kumwetulira. Anabweza pensulo kukhutu, buku m'thumba.

"M'lolemo mukakhale motambalala," anatero, akukwera njinga. "Pasaoneke mpata."

Belu la njinga litazimirira, kuseri kwa nsalu kunamveka kaphokoso. Amayi anayesa ndi kulira. Koma kunali kuseka, kuseka kosasa mawu, kwa munthu amene sanasekepo chiikireni mwamuna wake.

"Iwe Ajira!" anatero Mwanamvua. "Ine ndimayesa unaikidwa limodzi ndi che Uladi. Sabata ziwiri osamva phokoso lako?"

Dzanja lowonda linatulukira pansi pa nsalu, n'kugwira phazi la Ajira. Linapapasa matuza a pachidendene, limodzilimodzi.

"Wakuchita zimenezi ndani?"

"Utcheya, mnzanga."

"Uziusiya kwanu ukamabwera kuno. Ndipo mawa ubwere, tidzamwe tiyi wa a mlembi."

Pobwerera, Maud ndiye ananyamula nsapato zake m'manja, akung'ung'udza kuti zakula. Ajira anadikira mpaka atapitirira mpanda wa nyumba ya malirowo, kenaka anayambitsa nyimbo, motsitsa. Che Asiatu anamugunda ndi chigongono. "Kweza mawu, iwe Ajira, wadya chiyani lero?"

Mumchenga wa m'njiramo munatsala mapazi ake, zala zitatambasuka bwinobwino, ndipo amayi a m'mbuyo ankaponda momwemo.